Chigamba pa Chingwe cha Helikopita

Amuna anga ankagwira ntchito imene anthu a ku Chawama sankaimvetsa, ndipo ine ndinatopa nako kufotokoza. Ndikati amakonza zingwe, anthu ankaganiza za zoyanikapo zovala, n'kundiyang'ana mwachisoni ngati ndakwatiwa ndi munthu wosowa chochita. Ndikati zingwe za helikopita, ankati ndayamba matama. Ndiye ndinkangoti amagwira ku kampani, basi, aliyense aganize zake.

Zoona zake zinali izi. Kuli malo m'dziko muno kumene lole siingafike, pamwamba pa mapiri ndi kutsidya kwa madambo, koma kumafunika kuimikako nsanja za mafoni. Zitsulo zake, simenti ndi majenereta zimapita ndi helikopita, zitalendewera kunsi kwake pa chingwe chachitali. Chingwe chimenecho ndicho ankakonza amuna anga. Anaphunzira kwawo ku Kopala, kumigodi, kuluka mawaya okwezera zikepe, ndipo atabwera ku Lusaka anasinthira ku zingwe za ulusi. Ankayeza kutalika kwake, kulukira mphete yachitsulo kunsonga iliyonse, kuveka chingwe chonse nsalu yolimba imene ankaitcha jekete kuti dzuwa ndi mchenga zisachidye, kenako n'kukachikoka pa makina kuti aone ngati chipirire. Zikanathera pomwepo bwenzi ndilibe dandaulo. Koma tsiku lonyamula katundu, iwo omwewo ankaima pamwamba pa phiri, pansi pa helikopita, kulandira chitsulo chikutsikira pamutu pawo ndi kuchiwongola ndi manja kuti chikhale pamalo pake.

Tsiku lina anandionetsa kanema pa foni, akuganiza kuti ndisangalala. Ndinaona fumbi lokhalokha, udzu utagona, ndi kamunthu kovala chipewa cholimba katatukula manja, pamwamba pake chitsulo chachikulu ngati chitseko cha tchalitchi chikuzungulira pang'onopang'ono. Ndinafunsa kuti kamunthu kameneka ndani, iwo n'kuseka. Tsiku limenelo chakudya sichinalowe. Kuyambira pamenepo, akapita kutchire ndinkakhala ndi mantha, ndipo mantha anga ine amatulukira pakamwa. Ana ankadziwa kuti bambo awo akachoka, mayi awo amakalipa ngakhale chifukwa cha supuni.

Pofuna kundikhazika mtima pansi, anandibweretsera kachidutswa kotsala ka chingwecho. Kanali koyera, koterera, kopepuka moti ndinaseka ndi mkwiyo. Ndinati, moyo wanu wonse mwaupachika pa meshi ya tsitsi? Iwo anayankha m'Chinyanja chawo cha m'tauni chija:

"Iyi ntambo siyopa kulema, siyopa manzi. Ipambana na waya. Koma ukaimanga fundo, wachosako mphamvu. Ukaidonsa mozizimusa, ivulala mukati, kunja ioneka chabe bwino. Choipa maningi ni mulilo. Ikapya pang'ono isungunuka monga pulasitiki."

Ankaganiza kuti andilimbitsa mtima, koma anangondiwonjezera zoti ndiziopa.

M'nyumba mwathu munkakhalanso amayi anga. Tinawatenga bambo anga atamwalira. Anabadwira ku Malawi, anabwera kuno ali mtsikana potsata bambo anga amene ankagwira kumafakitale, ndipo zaka zonsezo Lusaka sanawasinthe lilime kapena khalidwe. Anali telala. Miyendo inali itatupa, sankayenda patali, koma maso ndi zala zinali zikadali zakuthwa. Akasoka chigamba pa yunifolomu ya mwana, iwe mwini wake unkasowa pamene panang'ambika.

Amayi ndi amuna anga ankaopana monga apongozi akale. Sankadyera pamodzi, sankayang'anana kumaso. Tonse titakhala pabalaza, amayi ankatembenukira kwa ine n'kunena kuti, "Uwauze abambo ake a mwana kuti madzi osamba atentha," munthuyo ali pomwepo akumva. Iwonso, poti kwawo mwambo ndi womwewo, ankayankha kudzera mwa ine. Ndinkawanyogodola onse awiri kuti andisandutsa foni. Koma ankakondana, zimenezo sindingakane. Mankhwala a amayi a kuthamanga kwa magazi sankatha m'nyumba chifukwa amuna anga ndiwo ankakumbukira, osati ine mwana wawo. Ndipo m'chipinda chathu chogona amayi sanapondemo chiyambire. Akamasesa ankalekeza pakhomo penipeni, tsache n'kubwerera.

Chaka chimene ndikunenachi mvula inagwa yoopsa. Amene anakhalako ku Chawama amadziwa kuti dzinja likafika misewu imasanduka chiyani. Ana ankapita kusukulu nsapato zili m'manja. Lachisanu lina madzulo amuna anga anafika atasenza chikwama chachikulu chakuda. Munali chingwe chatsopano. Anati anachimaliza mochedwa, pochoka pa makina okokera n'kuti wosunga makiyi a sitolo atapita kale, ndipo sanafune kuchisiya panja pamvula. Galimoto ya kampani inkayenera kudzawatenga Lolemba pa msewu wa Kafue popita kuchigwa, ndiye anaona kuti palibe vuto kubwera nacho. Lamulo la kuntchito kwawo linali lakuti chingwe sichigona kunyumba kwa munthu, ndipo iwo ankalidziwa bwino lomwe. Anachikankhira kunsi kwa bedi lathu, n'kuuza ana mokweza kuti amene akhudze chikwamacho aona zakuda. Amayi anali pabalaza, anamva.

Loweruka lake kunali maliro. Anamwalira mkulu wampingo wa pafupi ndi kwathu, munthu wodziwika, ndipo anthu anabwera ochokera ku Kanyama, ku Matero ndi kwina. Ine ndi amuna anga tinanyamuka ndi gulu loyamba lotsagana ndi bokosi. Ana tinawatumiza kwa mchemwali wanga. Amayi anatsala okha kunyumba chifukwa cha miyendo ija. Kumanda tinadikira nthawi yaitali lole yomaliza ya azimayi. Inafika ili matope okhaokha, anthu akuti inatitimira. Palibe anafunsa kuti yatulukamo bwanji, ngakhale ine sindinafunse. Titaika maliro tinabwerera kusiwa, tinakhala komweko mpaka dzuwa litalowa. Lamulungu tinapita kutchalitchi. Lolemba m'mawa amuna anga anasenza chikwama chawo n'kupita. Anandiuza kuti masiku oyamba akhala akukonza malo, ndipo kunyamula katundu kudzayamba kumwamba kukayera. Kumene ankapitako kunalibe netiweki, poti nsanja yake ndi imene ankakaimikayo.

Mvula inapitirira, ndipo ine ndinkakondwera nayo mumtima, chifukwa helikopita siuluka m'mitambo. Kenako pakati pa sabata kunacha koyera, popanda ndi kamtambo komwe. Ndinapita kukatunga madzi pa mpopi, ndipo pamzere ndinakumana ndi mayi woyandikana nafe nyumba, munthu wansangala amene pakamwa pake sipatsekeka.

"Ba neba," anatero, "mukabapase moni bamuna banu. Ntambo yao ija ni yokosa, mwe! Inatipulumusa pa Chibelu."

Chibelu ndi Loweruka, tsiku la maliro lija. Ndinafunsa kuti nthambo yake iti.

"Ija ya mu chola ya bulaki. Simuziba? Lole yatu inajomba apa pa kona. Bamuna banayesa kukankha, vinakanga. Ine ninakumbuka ati ninaona bamuna banu na chola pa Chisanu, banakamba ati ni ntambo ya kunchito. Tinayenda kupempa kuli bamayi banu. Ni malilo, bangakane bwanji?"

Ndinaika chidebe pansi. Iye sanaone kanthu, anapitiriza monyadira. Anati anachimanga mfundo kunsi kwa lole, mbali ya paipi ya utsi, nsonga inayo n'kumanga ku lole ina. Lole yokokayo inkabwerera m'mbuyo pang'ono kenako n'kuthamanga kuti idzidzimutse, kubwerezabwereza, injini zonse zikulira. Anati mpaka kunamveka fungo ngati mwana waponya pepala la shuga pambaula, koma chingwe osaduka.

"Ntambo ya bazungu siseka," anamaliza motero, akuseka yekha.

Chidebe ndinachisiya pamzere pomwepo. Sindikumbuka mmene ndinayendera kufika kunyumba. Zonse zimene amuna anga ananena kuti chingwecho chimaopa, anthu a maliro anazichita masana amodzi. Ndipo kumwamba kunali koyera.

Amayi ndinawapeza pakhonde akusoka batani. Ndinaima patsogolo pawo osagwada, zimene ndinali ndisanachitepo.

"Amayi, chingwe cha abambo ake a mwana munabwereketsa?"

Singano inaima. Sanatukule mutu.

"Anali maliro, mwanawe. Anthu ataima pakhomo, mtembo ukudikira kumanda, ine ndinene kuti mulibe? Mawa ndikafa ine, adzandinyamula ndani?"

"Chinali kunsi kwa bedi lathu."

"Ndikudziwa kumene chinali."

Apo m'pamene ndinamvetsa chifukwa chake anakhala chete. Sanafune kuti amuna achilendo alowe m'chipinda cha mwana wawo, ndiye analowamo okha, n'kugwada pambali pa bedi la mkamwini, n'kukoka chikwamacho. Kwa amayi, zimenezo zinali zamanyazi kuposa kuba. Kuulula za chingwe kunali kuulula kuti analowa.

Zotsalazo ndinachita kuwakoka pakamwa. Chingwe chinabwera chili matope, jekete yake itapsa malo amodzi. Anachichapa tisanabwere kumaliro, n'kuchiyanika m'chipinda mwawo. M'chikwama anaikamo mabulangete kuti chizioneka chodzaza, n'kuchibwezera kunsi kwa bedi. Lamulungu ife tili kutchalitchi anapeza kansalu kotsala ka jekete m'thumba la chikwamacho, anadula popsapo, n'kusokapo kena potsanzira kasokedwe ka amuna anga. Kenako anachipinda monga anachipezera.

"Nanga mkati?" ndinafunsa. "Ulusi woyera wa mkati unali bwanji?"

"Ine ndinasoka nsalu. Za mkati sindikuzidziwa."

"Bwanji osandiuza ine? Ineyo, mwana wanu?"

"Iwe pakamwa pako ndimapadziwa. Ukanakawauza tsiku lomwelo. Ndiye ine ndikanakhala bwanji m'nyumba muno?"

Ndinakalipa. Mawu amene ndinanena sindiwalemba pano. Ndinawauza kuti munthu amene amawagulira mankhwala, panthawi yomweyo mwina waima pansi pa chigamba chawocho. Ndinaimba foni ya amuna anga, ndikudziwa kuti siilowa, ndipo sinalowedi. Ndinaimba ya mnzawo amene anapita naye, chimodzimodzi. Ndinamanga chitenje n'kuthamangira ku siteji.

M'minibasi m'mene mantha ena anandipeza. Njira yokhayo yofikira amuna anga inali kudzera ku ofesi ya kampani, kumene ndinkadziwa kuti kuli foni ina yaikulu imene imagwira ngakhale kutchire. Koma kukanena kumeneko kunali kuwaneneza kuti anagoneka chingwe kunyumba. Ntchito ikanathera pomwepo, ntchito imene inkatidyetsa tonse, ndipo ntchito zotere si zambiri mu Lusaka muno. Mtima wina unkati, iwe, amuna ako ndi munthu wosamala, amayendetsa manja pa chingwe chonse asanachikoleke, aona okha. Chinakoka lole osaduka, chingalephere chitsulo? Ukanena, chingwe n'kupezeka chili bwinobwino, udzakhala utawachotsa ntchito pachabe, ndipo adzakuyang'ana bwanji? Titafika pa malo ena ndinatsala pang'ono kuuza kondakitala kuti nditsike. Koma ndinakumbukira mayunifolomu a ana anga, mmene ndinkafunirafunira chigamba cha amayi osachipeza. Ndinakhala pansi.

Magalimoto anali atathinana polowa m'tauni, minibasi ikuyenda ngati yatopa. Kondakitala ankaitanabe anthu, malo mulibe. Ndinamukalipira, mayi wina n'kundiuza kuti ngati ndili pachangu ndigule yanga. Likanakhala tsiku lina ndikanamuyankha. Ndinkangoyang'ana kumwamba pawindo, kufunafuna mtambo. M'tauni ndinakwera ina yopita mbali ya bwalo la ndege, ndipo chigawo chomaliza ndinachita kuthamanga wapansi, patapata ali m'manja.

Pageti panali mlonda. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi amatope mpaka kumutu.

"Mufuna bandani, mayo?"

"Nifuna ba bwana. Ni nkhani ya ntambo ya helikopita."

"Muli na apointimenti?"

Ndinamuuza kuti ngati sanditsegulira, anthu akafa kuchigwa ndidzanena kuti anapha ndi iye, ndipo ndidzanena pamaliro pomwe. Ndinakuwa moti anthu anatuluka m'mashedi kudzaona. Mmodzi wa iwo anandizindikira kuti ndine mkazi wa mnzawo, n'kundilowetsa.

Abwanawo anali bambo wamtali wa imvi, wosachulutsa mawu. Ndinayamba kufotokoza mozungulira, za mvula, za maliro, ndikufuna kuphimba amuna anga. Anandidula.

"Amayi, chingwe chinagona kunyumba kwanu?"

Ndinavomera. Ndinamva ngati ndawapereka ndi manja anga.

Sanakalipe. Anafunsa ngati chinamangidwa mfundo, ngati anachidzidzimutsa, ngati chinakhudza paipi ya utsi. Chilichonse ndinkati inde, ndipo inde aliyense nkhope yawo inkasintha. Pofika pa chigamba anali ataimirira kale, foni yaikulu ija ili m'manja. Anatuluka nayo panja pabwalo, poti m'nyumba siigwira, ine ndikuwatsata. Anaiika poti tonse tizimva.

Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, inadukanso. Ndinagwira mpanda wa waya. Ndinkapemphera, koma mawu a pemphero sankabwera, ndinkangoti Ambuye, Ambuye. Ogwira ntchito aja anali ataima chapatali. Kuimba kwina kunayankhidwa ndi bambo wa pamsasa, kumene helikopita inkanyamulira katundu.

"Ntambo yatsopano ili kuti?" anafunsa abwana.

"Ili kumwamba, bwana. Tayamba nayo kuseni, vinthu viyenda bwino. Manje yanyamula jenereta, yangochoka apa."

Jenereta ndinkaidziwa. Amuna anga ankati pa katundu yense, imeneyo ndiyo imalemera kwambiri, ndipo amailandira okha.

Abwana anayankhula pang'onopang'ono, liwu lililonse palokha. Anati auze woyendetsa ndege pa wailesi kuti asafike pamwamba pa anthu, asakhote mwamphamvu, atsitse katunduyo pamalo oyera alionse amene ali pafupi. Anati auzenso a paphiri kuti achoke pamalo olandirira, athawire kumbali. Bambo uja sanafunse chifukwa. Tinamva akuthamanga, foni ikugunda pa chinachake, kenako kukhwekhwereza kwa wailesi.

Woyendetsa ndege anayankha. Mawu ake sindinawamve bwino, anali a Chingerezi chothamanga, koma abwana anagwedeza mutu. A paphiri sanayankhe. Bambo uja anaitana, n'kuitananso, akutchula amuna anga. Kunali zii. Anati mwina avala kale zotseka m'makutu poyembekeza ndege, wailesi aisiya pa mwala.

Sindinaonepo phiri limenelo, koma ndinkaliona. Ndinkaona kamunthu kaja katatukula manja, kakudikira. Ndinkaona chigamba cha amayi chili m'mwamba, chosokedwa bwino, ulusi wa mkati ukuduka umodziumodzi. Ndinaganiza za mmene ndikauzire ana. Ndinaganiza za lole ya azimayi itaima pakhomo pathu. Ndinakhala pansi pa miyala ya pabwalopo, chitenje chili mbali. Mayi wina wa muofesi anandibweretsera madzi.

Sindidziwa kuti zinatenga nthawi yaitali bwanji. Wailesi inkangokhwekhwereza. Kenako bambo uja anabwerera pa foni, akupuma mwamphamvu.

"Yatsika, bwana. Baika pa mchenga mu mtsinje. Ntambo sinaduke."

Ndinalira mokweza ngati pamaliro, osasamala kuti akundiona ndani. Abwana analamula kuti chingwecho chisakolekedwenso chilichonse, chibwerere kumsasa, ndipo ndege ikatenge anthu a paphiri. Anandiuza kuti ndidikire. Anawonjezera kuti amuna anga akabwera ku Lusaka adzawaone, ndipo tonse amene tinali pamenepo tinamva tanthauzo lake.

Ndinadikira pabenchi mpaka dzuwa litapendeka. Tsopano mantha anali atatembenuka. Chingwe sichinaduke. Mwina chinalibe vuto n'komwe. Mwina ndinali nditangogwetsa nyumba yanga ndi pakamwa panga, monga amayi ananenera.

Foni italira, abwana anandiitana panja paja. Anauza amuna anga kuti akazi awo ali pano. Ndinamva mawu awo akusintha.

"Bali ku ofesi? Ni bamayo? Bamayo bachita bwanji?"

Ankaganiza kuti ndabwera kudzanena kuti amayi amwalira. Ndinawauza kuti amayi ali bwino, ana ali bwino. Kenako, abwana ali pomwepo, ndinawauza zonse. Sanandidule. Nditamaliza, abwana anati atambasule chingwecho pansi, afunefune msoko umene si wawo, ang'ambe.

Anafunafuna nthawi yaitali. Tinkamva mapazi awo ndi mphepo. Anati m'mawa anayendetsa manja pa chingwe chonse, sanamve kalikonse. Anabwereranso poyambira. Kenako anati apeza pamene ulusi wosokera wasiyana pang'ono mtundu. Tinamva mpeni ukudula nsalu. Ndiye kunangoti zii, mpaka abwana anayang'ana foni kuona ngati yaduka.

"Nikumvelani, bwana," anatero amuna anga. Mawu anali otsika, achilendo. "Yasungunuka. Mbali imozi yonse yakosa monga chidebe chakupya. Yasala ing'ono chabe yamene inagwila. Nayo yayamba kuduka."

"Ikanafika paphiri?"

"Kufika kapena ikanafika. Koma paja poimilila, pamene mphepo imenya, awe."

Abwana anapukuta kumaso ndi dzanja. Anati achidule zidutswazidutswa pomwepo, chidutswa chopsacho abwere nacho. Amuna anga anapempha kuti ayankhule nane ndekha. Abwana anadina batani, anandipatsa foni, n'kusuntha.

Ndinkayembekeza kuti andikalipira, kapena akalipira amayi kudzera mwa ine monga mwa nthawi zonse. Ndinayamba kupepesa za ntchito.

"Leka ivo," anatero. "Wachita bwino. Mvela. Bamayo baziba ati wabwela kuno?"

"Akudziwa."

"Mutima wao ni wofooka. Ukafika ubauze ati tavula, tapeza ntambo ili chabe bwino. Jekete chabe ndiye inapya. Wamvela?"

Ndinati sindingathe. Ndinati ayenera kudziwa chimene anachita. Iwo anabwereza mawu omwewo. Ndinavomera.

Ntchito inawatheradi atabwera, koma imeneyo ndi nkhani ina. Tsiku limenelo ndinabwerera ku Chawama ndili wotopa ngati ndadwala mwezi. Njira yonse ndinkayeserera bodza langa, mkwiyo ukubwera n'kumapita. Ndinafika ana asanabwere kosewera. Amayi anali m'chipinda mwawo, atakhala pamphasa. Zovala zawo anali atazimanga m'chitenje, makina osokera ataphimba, nsapato zili kumapazi. Moto sanakoleze tsiku lonse. Atandiona anayesa kuimirira, miyendo inakana.

"Ali moyo?"

"Ali moyo, amayi. Onse ali bwino."

Anatseka maso. Ndinagwada pafupi nawo, n'kunena zimene ananditumazo. Ndinati avula jekete, apeza chingwe chili bwinobwino, nsalu yokha ndiyo inapsa. Ndinati amasule katundu wawo, palibe kumene akupita.

Anandiyang'ana m'maso.

"Wakuuza kuti unene zimenezo ndani?"

"Eni ake."

"Usandinamize, mwanawe. Mkati ndinaonamo. Panali polimba ngati mwala, pakuthwa, pankandibaya chala. Ndinang'amba mpango wanga wakale, ndinakulungapo bwinobwino kuti akamagwira pasamveke, kenako ndinasoka."

Ndinakhala pansi. Amayi anga ankadziwa. Anawaona amuna anga akusenza chikwamacho Lolemba m'mawa, anandiuza kuti ndiwauze ayende bwino, akudziwa chimene chinali mkatimo.

Kenako ndinakumbukira bata lija la pa foni, mpeni utangodula nsalu. Mpango umenewo amuna anga ankaudziwa, amayi ankauvala tsiku lililonse pakhonde. Anaupeza, anaumasula ndi manja awo asanaone popsapo. Kwa abwana sanautchule, kwa ine sanautchule.

"Ndiye anauona," anatero amayi.

"Anauona."

"N'kukutuma kuti udzandiuze kuti chinali bwino."

Amayi anaphimba kumaso ndi manja onse awiri, ndipo ndinawasiya alire. Sindinawagwire, komanso sindinatuluke.